Bambo Elliam Namakhwa ndi Timasitima Tawo ta Patebulo

Zikomo a mfumu, a mpingo, anamfedwa, akuchikazi amene mwachokera ku Chikweo, ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa. Ine ndine Ganizani, msuweni wa malemu, uja mumamunena kuti amaoneka pamudzi pakagwa maliro pokha. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri ya bambo Elliam Namakhwa. Zambiri ndinaziona ndi maso anga, koma pali gawo limodzi limene ndinachita kumva. Anayamba kundiuza ndi Che Zubairu, msodzi wa pa nyanja ya Chiuta, titakhala mpando umodzi m'sitima yochokera ku Nayuchi. Ndikafika pamenepo ndinena, kuti mudziwe mawu anga ndi mawu a mwini wake.

Malemu anabadwa pa 14 Meyi 1961 kuno ku Nkaya, m'boma la Balaka. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu ya pulayimale anaphunzira ku Utale, ya sekondale analekezera Fomu 2 chifukwa bambo awo anamwalira. Masamu ankawakonda kuyambira ali mwana. Ife tikamaumba ng'ombe zadothi, iwo ankakhala m'mbali mwa njanji n'kumalota kuti sitima imene yalira kutali ifika nthawi yanji pamphambano.

Mu 1982 analembedwa ntchito ya njanji. Anayambira kuno ku Nkaya, kenaka anawasamutsira ku Nayuchi. Kumeneko ndi kumene anaonana ndi mayi Emmie a ku Chikweo, amene ankabwera kudzagulitsa nsomba zouma za makumba pasiteshoni. Ukwati wawo unadalitsidwa pa 6 Sepitembala 1986, ndipo malemu anakamanga nyumba kwa akazi awo monga mkamwini.

Mu 1994, nkhondo itatha ku Mozambiki, anatumidwa ku doko la Nacala kukayang'anira katundu wobwera kuno kumudzi. Padokopo panali mkulu wina wolowetsa zombo, ndipo ndi amene anawaphunzitsa masewera amene ambiri munawadziwa nawo. Ndifotokoze pang'ono, chifukwa ena munangomva za m'maluwa. Patebulo amayala nsalu yabuluu, imeneyo ndiye nyanja. Mbali iliyonse imakhala ndi timasitima tankhondo, kukula kwake ngati chala. Aliyense amasankha mobisa kumene sitima zake zilowere ndi liwiro lake. Kenaka onse amaulula nthawi imodzi, n'kuyeza ndi rula kapena chingwe pamene sitima iliyonse yafika. Amapambana ndi amene walota bwino zimene mnzake wabisa. Si njuga, iyayi. Si zamatsenga. Ndi bawo ya anthu okonda masamu.

Ntchito itatha mu 1999, malemu anabwerera ku Chikweo n'kuyamba ulimi wa thonje ndi chinangwa. Timasitima anasema okha ndi zidutswa za mlombwa. Lamulungu masana pakhonde pawo pankadzaza aphunzitsi, asodzi, Akhristu ndi Asilamu omwe. Amene sankajomba anali alamu awo a Mailosi, mchimwene wa mayi Emmie, msodzi wodziwika padoko lonse. Awiriwa ankakondana mwachipongwe. A Mailosi ankawatchula malemu kuti “akapiteni osadziwa kusambira,” ndipo malemu akawamizira sitima ankati, “Alamu, bwererani ku matemba, nkhondo simuitha.” Vuto linali pa kuyeza. Wina akoka chingwe kwambiri, wina achikhwefula, masewera n'kuthera m'mkangano dzuwa lisanalowe.

Mu 2014 mwana wawo Hellen, amene ankaphunzira za makompyuta ku Zomba, anabwera ndi laputopu yakale. Bambo ndi mwana anakhala pansi tchuthi chonse n'kupanga pulogalamu yothetsa mkangano uja. Umangolowetsamo pamene sitima yayambira, kumene yaloza, liwiro lake ndi mphepo, iyo n'kujambula mzere wosonyeza pamene sitimayo iime patebulo. Moto ankatenga ku kasola kapadenga. Chingwe chinapuma, ndewu zinatha. Hellen anatumizako pulogalamuyo kwa osewera a maiko ena, ndipo malemu ankanyadira kuti chinthu chopangidwira pakhonde la ku Chikweo chikuyendetsa masitima pamatebulo a anthu amene sanawaonepo. Komabe asodzi akamadabwa nayo, malemu ankawachenjeza kuti, “M'madzi a muno mulibe bango, mulibe mvuu. Musawayese Chiuta.”

Tsopano ndafika povuta. Mundipirire.

Mu Juni 2019 a Mailosi analowa m'nyanja m'mawa, ali okha m'bwato. Amene anali padoko anawaona akupalasa cholowera kumpoto. Masana kunabuka mwera waukali, ndipo iwo sanabwerere. Kutacha, abale motsogozedwa ndi mayi Dalesi, amene ndi akulu awo a mayi Emmie, anafika pakhonde paja kudzapempha kuti kompyuta iloze kumene mphepo yakankhira bwatolo. Malemu anakana. Anati chinthuchi anachipangira masewera. Koma maboti a injini anali ochepa, mafuta ochepa, nyanja yaikulu, ndipo akazi awo ankalira pakhomo. Pomaliza anavomera. Analowetsa zimene anauzidwa: doko, kumpoto, liwiro la munthu mmodzi wopalasa, ndi mwera. Mzere unaloza kumpoto kwenikweni, kufupi ndi tsidya la Mozambiki. Maboti onse anapita kumeneko.

A Mailosi sanali kumeneko. Patapita masiku anapezeka ndi anthu otchera miono, m'bango la kummwera, osati kutali ndi doko, atagona pamsana pa bwato logubuduzika. Amene anawasambitsa ananena kuti sanamwalire kale. Mawu amenewo ndi amene anaphwanya mabanja awiriwa. Akanafunidwa kummwera, akanapezeka amoyo.

Sindibwereza zimene zinalankhulidwa pa maliro aja, paja munthu wolira sagwidwa pakamwa. Chaka chisanathe malemu anauzidwa kuti achoke pamudzi. Mayi Emmie anasankha kutsatira amuna awo kuno ku Nkaya, ndipo anauzidwa kuti akapita apitiretu. Kuchokera tsiku limenelo sanapondenso kwawo. Malemu anatseka laputopu ija, timasitima anaika m'katoni pansi pa bedi, osaseweranso mpaka imfa yawo. Sanadandaulepo za akuchikazi, ngakhale kwa ine amene ndimadziwa kukumba nkhani.

Apa tsopano ndi pa Che Zubairu. Ndinakumana nawo mu 2022. Atamva kuti ndine wa kwa Namakhwa anati pali chinthu chimawalemera. Anandiuza kuti msodzi akapeza malo a nsomba saulula. Amanyamuka padoko akupalasa mbali ina kuti oona aone, akabisika kuseri kwa bango n'kukhotera kumene akufuna. Asodzi muli pano mukudziwa kuti kutero si bodza ndipo si tchimo, ndi mmene ntchito imayendera. Che Zubairu anati nyengo imeneyo a Mailosi anali atapeza makumba ambiri kummwera, ndipo m'mawa uliwonse ankayamba aloza kumpoto kuti anzawo asawatsate. Amene ankadziwa anali Che Zubairu okha, koma sabata imeneyo anali ku Cuamba, ku Mozambiki, kokagulitsa nsomba. Choncho oona padoko ananena zoona zimene anaona, malemu analowetsa zoona zimene anauzidwa, kompyuta n'kutsata bwato limene kunalibe.

Che Zubairu anati atabwerako anapita kukawauza malemu. Malemu anawaletsa kuti asauze munthu. Akuti anati, “Akufa sadziyankhira. Mukanena, anthu adzati alamu anadzipha okha ndi kuchenjera kwawo, ana awo n'kumakula ndi mawu amenewo. Alekeni azinena ine.” Ine nditafika kuno ndinawafunsa asuweni angawa ngati zinalidi choncho. Sanavomere, sanakane. Anangoti, “Ganizani, iwe nkhani za m'sitima zidzakupha.”

Ndaphwanya chiletso chawo lero, ndipo ngati ndalakwa ndikayankha ndikawapeza. Ndatero chifukwa cha mayi amene akhala pafupi ndi bokosiwo. Kuno ku Nkaya tawasunga ndipo sitikuwathamangitsa, koma nonse mukudziwa mwambo. Munda umene amalima ndi wa alongo a malemu. Munda wawo, manda a amayi awo ndi mbumba yawo zili ku Chikweo. Likadzafika tsiku lometa ndi kusudzula, payenera kudzakhala wa kwawo wowalandira. Pakadzasowa, mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi adzakhala wopanda mwamuna ndiponso wopanda kwawo.

Malemu anayamba kudwala shuga mu 2020. Mu Novembala 2023 anachita sitiroko, mbali ya kumanja n'kufooka, kulankhula n'kumavuta. Mayi Emmie anawasamalira okha, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatulutsa padzuwa. Pa 3 Julayi chaka chino anagonekedwa m'chipatala ku Balaka, ndipo pa 8 Julayi 2024 m'mawa anatisiya, atalandira masakalamenti. Amwalira ali ndi zaka 63.

Asiya mkazi, mayi Emmie, ndi ana anayi: Mike, Modester, Hellen ndi Mwai, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Asiyanso alongo awiri ndi mng'ono mmodzi.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, a mphakati amene ankabwera kudzapemphera nawo, amayi amene agona pasiwa, a kwaya, adzukulu amene akumba manda kuyambira m'mamawa, ndi anzawo akale a ku njanji. Tikuthokoza asodzi a ku Chiuta amene mwapalasa njinga mtunda wonsewo kudzaperekeza mnzanu wa patebulo. Mwapadera tikuthokoza mayi Dalesi ndi onse amene mwabwera nawo. Uthenga tinatumiza tili ndi mantha kuti simubwera. Mwabwera, ndipo takuonani.

Mayi Dalesi, ndisakunamizeni pamaso pa bokosi. Nkhani ya Che Zubairu ine ndikuikayikira. Mwini wake anamwalira chaka chatha, sangabwere kudzaitsimikiza. Tsiku la ngozi iwo kunyanja kunalibe. Anali bwenzi la malemu, ndipo ndayenda nawo anthu ambiri okometsera nkhani pofuna kuyeretsa mnzawo. Ndinapita ndekha padoko paja kukafunsa. Ena anati a Mailosi ankaterodi, ena anati iyayi, mwera ukazungulira m'bango umatha kubweza bwato kulikonse. Mwina anakhota. Mwina kompyuta inangolakwa, monga mmene mwini wake ankaopera. Sindikudziwa, ndipo sindikhulupirira kuti alipo wamoyo amene akudziwa.

Ife tikuika m'bale wathu m'manda tisakudziwa. Pempho la banja ndi lakuti inunso mudzalandire mng'ono wanu musakudziwa.

Mzimu wa bambo Elliam Namakhwa uuse mumtendere, pamodzi ndi wa alamu awo a Mailosi.