Ndinatseka Maredieta Ngati Ngalande za M'dimba

Abale ndi alongo mwa Ambuye, moni nonse, ngakhale inu amene mumawodzera ndikayamba kulankhula m'tchalitchi. Lero sindikusekani. Ndikufuna ndikuuzeni za chisanu chimene chinatsala pang'ono kundilanda mkazi.

Ine ndinkakhulupirira kuti kutentha kwa m'nyumba kuli ngati madzi a m'dimba. Kwathu ku Ntcheu, ukafuna kuti bedi limodzi la tomato limwe bwino, umatseka ngalande zina zonse. Sukulu ndinalekezera panjira, koma dimba ndimalidziwa.

Mkazi wanga, a Nachisale, anagwidwa ndi matenda oiwala. Masiku ena amandidziwa, masiku ena amandiyesa mlendo. Kenako chinabwera chibayo. A Nachisale atatuluka m'chipatala, mayi wina wa kukhonsolo woona za okalamba anabwera kunyumba kwathu ku Spinney Hill, kudziko lachisanu kuno, nakhala osavula jekete. Ananena mwaulemu kuti akadzabweranso n'kupeza nyumba ikuzizirabe chonchi, a Nachisale apita kunyumba yosungira okalamba.

Mayiyo atangotuluka ndinayamba nzeru zanga za m'dimba zija. Ndinatseka maredieta onse, zitsulo zapakhoma zija zofunditsa nyumba ndi madzi otentha, pabalaza, kukhitchini, kubafa, n'kusiya ya kuchipinda kwawo yokha. Boyila yotenthetsa madziwo ndinaipotoza mpaka kumapeto, n'kumati tsopano moto wonse upite kwa a Nachisale.

Abale, boyila ija inayamba misala. Iyake pang'ono, izime. Iyakenso, izime. Redieta ya kuchipinda inkangofunda ngati tiyi wa pamaliro. Landilodi anati injiniya abwera sabata yamawa, ndipo sabata yamawa ya landilodi mukuidziwa nonse. Ndinawafunditsa a Nachisale mabulangete onse, mpaka suti yanga ya ukwati, koma zala zawo zinali zozizirabe. Mkazi amene anandisambitsa nditathyoka mwendo, ine kulephera kumufunditsa. Ndinagwada kutsogolo kwa boyila ndi kulira. Ndinati, Ambuye, nzeru zawo mwatenga kale, ndisiyireniko thupi lokhalo ndizilisamala ndekha.

M'mawa mwake, tsiku loti mayi wa kukhonsolo uja abweranso, kunagogoda a Ismail, mmwenye wokalamba wa khomo loyandikana. Anabadwira ku Limbe, ndipo ine ndi iwo timangolankhulana pokangana za mabini a zinyalala.

"Achimwene, boyila yako ikundisowetsa mtendere. Khoma ndi limodzi ili. Ikutsokomola bwanji chonchi?"

"Ikutsanzira eni ake a khomo linalo," ndinatero.

Anandiyang'ana m'maso, navula nsapato, nalowa. Anagwira redieta ya pabalaza, kenako ya kukhitchini.

"Watseka zonsezi ndani?"

"Mlimi."

Sanaseke. Anati nawonso anachitapo zomwezi mkazi wawo akudwala, injiniya ndiye anawauza. Madzi otentha akasowa koyenda amabwerera ku boyila asanazizire, boyila imaona ngati ipsa, imadzizimitsa. Ukaipotoza kwambiri ndiye imazima msanga. Tinatsegula maredieta onse, tinabweza kopotoza kuja pakatikati. Boyila inayaka, osazimanso. Tinaima kukhitchini, madala awiri, tikumvetsera mapaipi akulira ngati m'mimba mwa munthu wanjala.

Ndinawafunsa za mkazi wawo. Anati anapita kunyumba zosungira okalamba zija, sanabwereko. Anavala nsapato natuluka.

Mayi wa kukhonsolo anafika masana. Anavula jekete, anavulanso juzi. Anati a Nachisale akhale, tidzaonanso kutsogolo. Sanalonjeze zambiri, ndipo ine ndikudziwa kuti matendawa sabwerera m'mbuyo.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira thandizo kudzera mwa munthu amene ndinkamubisira bini. Inu amene mukusamala odwala m'nyumba zozizira za kuno, musafooke, ndipo musachite manyazi kugogoda kwa mnzanu. Ine manyazi anatsala pang'ono kundigonetsa ndekha.

Madzulo ake ndikuwadzoza mafuta kumapazi, a Nachisale anatulutsa dzanja m'bulangete, lofunda, nandigwira pamkono. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mwaulemu, monga amayang'anira alendo.

"Bambo inu, zikomo. Kuno n'kwabwino. Amuna anga akabwera kudzanditenga, muwauze kuti ine ndigona konkuno."