Batire la droni yanga linandidanitsa ndi mchemwali wanga

Zikomo aulutsi pondipatsa mpata. Ndine bambo wa kufupi ndi Nguludi kuno ku Chiradzulu, ndipo mtima ukundiwawabe.

Ndili ndi droni, kandege kakang'ono kojambula zithunzi kali m'mwamba, kamene ndimaseweretsa ndikaweruka kuntchito. Mchemwali wanga anandipempha kuti ndimujambule pa ukwati wake. Anthu akuvina potuluka m'tchalitchi, kandegeko kanangozima mwadzidzidzi n'kugwera mayi a mkwati pamutu. Magazi anayenderera pa nsalu yawo yatsopano, mpaka anakawasoka kuchipatala. Akuchimuna ananditukwana pagulu.

M'mawa mwake ndinamasula kandegeko kuti ndione vuto. Mapiko ndi timainjini zinali bwino. Koma batire linali lotupa, ndipo waya wake wina anachita kumudula n'kumulumikizanso ndi selotepi. Ine sindinachitepo zimenezo.

Ndinafunsa pakhomo. Alamu anga, achimwene a mkazi wanga amene tikukhala nawo, anayankha akutafuna nzimbe: "Ndinangobwereka kuti ndiyatsire babu pa benchi yanga ya malonda ku Namadzi magetsi atathima. Alamu, chidole chomwechi mpaka kukwiya?"

Ndinawauza kuti tipite limodzi akafotokoze okha kwa mayi ovulalawo, koma anakana. Mpaka lero mchemwali wanga sandiyankha foni, pamene alamuwo akudya pakhomo panga mosatekeseka.

Omvera anzanga, mukaononga chinthu cha mwini, nenani msanga. Mukabisa, amavulala ndi anthu osalakwa.