Mayi Verlene Tolliver, Amene Anakana Mawu Akuti "Atadwala Nthawi Yaitali"

Malemu amene tasonkhana kudzawaperekeza lero ndi Mayi Verlene Tolliver, mwana wachiwiri komanso wotsiriza wa Bambo Lucius ndi Mayi Idella Gaither. Anabadwa pa 14 Malichi 1962 ku Itta Bena, m'dera la Mississippi, ku America. Anatisiya Lachinayi pa 6 Novembala 2025 kuno ku Milwaukee, ali ndi zaka 63. Anamwalira ndi khansa ya m'mawere.

Dzina la matendali sitinalitchule mwangozi. Malemu analamula okha kuti limveke pa guwa lino. Anasiyanso lamulo lachiwiri, lokhudza mwana wawo wamkazi, Renita, amene ali ndi chotupa ndipo akuyembekezeka kuchipatala Lachiwiri likudzali. Tifikako. Tikupempha mutilezere mtima, pakuti a pabanja tikuwerenga mbiriyi mitima ili m'mwamba.

Mayi Verlene anayamba sukulu ku Itta Bena. Mu 1971 banja lonse linasamukira kuno, bambo awo atapeza ntchito pa fakitale yofufuta zikopa. Anali akatswiri pa masamu, ndipo ankafuna kudzakhala mphunzitsi. Koma ali m'chaka chomaliza cha sekondale, mu 1979, mayi awo anadwala. M'banjamo munali lamulo limene ambiri a ife tinakula nalo, lakuti za m'nyumba sizituluka pakhomo. Chitseko cha kuchipinda chinkakhala chotseka. Achimwene awo, a Otha, amene lero ndi dikoni wa mpingo uno, ndiwo ankatenga odwalawo pa galimoto kupita nawo kuchipatala. Mtsikana Verlene ankaphika ndi kuchapa, ndipo akafunsa ankangouzidwa kuti ndi "matenda a azimayi". Mayi Idella anamwalira ali ndi zaka 41. M'kabuku ka mwambo wa maliro awo, pansi pa chithunzi, analembamo kuti anamwalira "atadwala nthawi yaitali". Verlene anakaika kabukuko m'bokosi la nsapato mmene mayi awo ankasungiramo timabuku ta maliro a abale onse. Sekondale anamaliza, koma ku koleji sanapite, chifukwa panalibe wina wosamala pakhomo.

Mu 1985 anamanga ukwati ndi Bambo Cleophus Tolliver m'tchalitchi muno. Anadalitsidwa ndi ana awiri: Renita mu 1987, ndi Lamont mu 1999. Bambo Cleophus anatsogola mu 2016 ndi matenda a mtima. Kuyambira 1989 Mayi Verlene ankayendetsa basi ya mzinda, ndipo anaigwira ntchitoyo zaka 27. Okwera ankawadziwa chifukwa chodikira aliyense wothamangira basi m'chisanu. Ankatsegula chitseko n'kukuwa kuti, "Pang'onopang'ono achimwene, mungagwe! Basi iyi ilibe mapiko." Mu mpingo anali a kwaya, ndipo pa maliro chikondamoyo chawo chinkatha nsomba zisanapse.

Mu 2000, ali ndi zaka 38, atangomuletsa kuyamwa Lamont, anamva kanthu kolimba m'bere lakumanzere. Sanachedwe, anapita kuchipatala. Pa fomu panali funso lakuti kodi m'banja mwawo alipo amene anadwalapo khansa ya m'mawere. Anaganizira timabuku ta m'bokosi tija, ndipo analemba kuti ayi. Sananame. Analemba zimene ankadziwa. Dokotala anayang'ana fomuyo, anayang'ananso msinkhu wawo, nati mwina ndi mkaka umene unaundana, adzabwerenso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Chifukwa cha ntchito yolawirira ndi mwana wamng'ono, miyeziyo inakwana khumi ndi inayi. Pamene ankabwererako, chotupacho chinali chitafika m'khwapa.

Anawachotsa berelo mu 2001. Ali chigonere m'chipatala, a Otha anabwera, nakhala pambali pa bedi chipewa chili m'manja. Kenako anati, "Mlongo wanga, Amayi analinso ndi yomweyi. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu."

Mayi Verlene anawayang'ana nati, "Achimwene, mwasunga bwino chinsinsi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Onani tsono, chandidyera bere."

Atatuluka anatsitsa bokosi lija. Anayala timabuku tonse pa tebulo n'kuyamba kuimba mafoni ku Mississippi. Anapeza kuti amayi awo aang'ono, a Ozella, amene kabuku kawo kanati anamwalira "atadwala nthawi yaitali" mu 1988, anapitanso ndi matenda omwewo. Kuyezetsa magazi kunatsimikiza kuti ndi akumtundu.

Mu 2003, tsitsi lawo litameranso, anayambitsa gulu pamodzi ndi Mayi Bernadine Crume, amene anadziwana nawo pa mzere wolandira mankhwala. Ankakumana Loweruka lililonse m'chipinda cha pansi pa tchalitchi chino, ndipo anthu anawatcha Achemwali a Loweruka. Poyamba analipo anayi. Lamulo lawo linali losavuta: mayi aliyense wobwera abweretse timabuku ta maliro ta kwawo. Pamene palembedwa kuti "atadwala nthawi yaitali" kapena "atadwala kanthawi kochepa", ankazunguliza ndi cholembera chofiira, kenako n'kuyamba kufunsa. Ankapita kwa okalamba a m'banjamo atanyamula keke ya mbatata. Okalambawo akati, "Iwe mwana, za akufa zisiye, munthuyo anangodwala nthawi yaitali," Mayi Verlene ankadula keke n'kuyankha kuti, "Agogo, nthawi yaitali si dzina la matenda. Ulaliki wa abusa athu nawonso ndi wa nthawi yaitali, koma sunaphepo munthu." Mayi Bernadine ankagwira pakamwa nati, "Verlene, iwe udzatithamangitsitsa ndi tsache." Nthawi zina ankathamangitsidwadi. Koma kawirikawiri agogowo ankayamba aseka, kenako n'kulira, kenako n'kutchula dzina.

Lamulo lachiwiri la gululi linali lakuti mayi asalowe yekha m'chipinda cha dokotala. Wina ankakhala pambali pake ndi kope. Dokotala akanena kuti tidikire, Mayi Verlene ankati mwaulemu, "Chabwino adokotala. Chonde lembani m'failo kuti mayiyu anapempha kuunikidwa ndipo mwati adikire." Kawirikawiri tsiku lounika linkapezeka pomwepo. Anapitanso kangapo kwa akuluakulu a chipatala kukanena kuti amayi akuda ambiri matendawa amawagwira akadali aang'ono ndipo amawapeza mochedwa. Anachonderera mpaka galimoto younikira mawere inayamba kuima pabwalo la tchalitchi chino kawiri pa chaka. Lero gululi lili ndi amayi oposa makumi asanu ndi limodzi. Ndi awo avala mipango yofiirira kumanzereku.

Koma m'nyumba mwawo momwe munali mayi mmodzi amene Mayi Verlene analephera kumutengera kuchipatala. Renita anali ndi zaka 14 pamene ankawameta tsitsi lothothoka ndi kuwagwirira beseni akamasanza. Anakula akuopa fungo la chipatala. Katatu konse mayi ake anamupezera tsiku loyezetsa, ndipo katatu konse panapezeka chifukwa: ntchito, mwana, galimoto. Ankati, "Amayi, zimene sindikuzidziwa sizindisowetsa tulo." Iwo ankati, "Inenso ndinkagona tulo tabwino, mwana wanga. Miyezi khumi ndi inayi."

Mu 2022 matendawa anabwerera, nalowa m'mafupa. Anapitirizabe kuperekeza anzawo akuyenda ndi ndodo, mpaka mwezi wa Ogasiti chaka chino pamene anagona. Renita ndiye ankawasamala. Tsiku lina mu Okutobala, akuwatembenuza pa bedi, mayi ake anaona mmene ankatetezera mkono wakumanzere. Anamugwira dzanja.

"Chayamba liti?"

"Chiyani, Amayi?"

"Usandipusitse iwe. Ndaona amayi mazana akunyamula mkono choncho."

"Mu Julaye."

Renita ali ndi zaka 38, zomwe mayi ake anali nazo pamene anapeza chotupa chawo. Tsiku lomwelo Mayi Verlene anaimba okha foni kuchipatala, mawu akutuluka movutikira, ndipo tsiku loyandikira limene linapezeka ndi la 18 Novembala. Anayesetsa kuti alifike. Ankafunsa namwino m'mawa uliwonse kuti kwatsala masiku angati. Ataona kuti safika, anaitana Lamont nati, "Iwe unapita ku koleji, ulemba mbiri yanga. Ukalemba kuti 'atadwala nthawi yaitali', ndidzuka m'bokosimo. Ulembenso tsiku la mlongo wako, ndi ola lake. Ineyo amandizemba, koma tchalitchi chonse sangachizembe."

A Dikoni Otha poyamba anakana, nati mawu otere satchulidwa pa guwa. Lachitatu anabwera kunyumba ndi kabuku ka maliro a Mayi Idella, kachikasu ndi ukalamba. Anakaika pa tebulo nauza Lamont kuti, "Ngati ukutchula za mayi ako, utchulenso za mayi anga. Ndatopa nacho."

Za Renita, a pabanja tinazengereza, poopa kumuchititsa manyazi pa tsiku lolira mayi ake. Lamont anamufunsa m'mawa uno, galimoto zisananyamuke, ngati ndime imeneyi ichotsedwe. Renita anapitiriza kumanga riboni m'tsitsi la mwana wake. Kenako anati, "Werenga. Ukapanda kuwerenga, ndikudzidziwa, sindipita."

Choncho tikuwerenga. Ndi Lachiwiri pa 18 Novembala, nthawi ya hafu pasiti naini m'mawa. Mayi Bernadine ati afika pakhomo pa eyiti, ndi kope la malemu. Zimene madokotala akapeze sitikuzidziwa, ndipo tili ndi mantha.

Amene anatsogola kale ndi bambo awo, a Lucius Gaither. Amuna awo, a Cleophus Tolliver. Mayi awo, a Idella Gaither, amene anamwalira ndi khansa ya m'mawere. Ndi amayi awo aang'ono, a Ozella, amene anamwaliranso ndi khansa ya m'mawere.

Asiya achimwene awo, a Dikoni Otha Gaither. Mwana wamwamuna, Lamont. Mwana wamkazi, Renita. Mdzukulu mmodzi, Tavia, wa zaka zisanu ndi zinayi, amene kabuku ka lero kadzamuuza zoona akadzafunsidwa pa fomu. Ndi Achemwali a Loweruka onse.

Mayi Verlene apumule mu mtendere. Ife otsala tipumula Lachiwiri likadutsa.