Kalata Yoyamba Imene Ndinalemba

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine ndinaphunzira kulemba imvi zitayamba kale. Kalata yoyamba imene dzanja ili linalemba inawononga munthu.

Ndinali msodzi kufupi ndi Lungwena, wokonda kachasu, wosadziwa kukhululuka. Munthu akandiponda chala, ndinkasunga mpaka chaka. Anali masiku a chipani chimodzi. Aliyense ankayankhula akucheuka, poti sunkadziwa amene akukumvetsera.

Mwana wanga Yosefe anali katswiri wosoka ukonde. Atafika msinkhu wokwatira, anayamba kusintha. Anasiya kupita panyanja, ine ndinati ndi ulesi. Anasiya kusamba, munthu wokhala pafupi ndi madzi. Ndinati mtsikana wamukana. Ankakhala kuseri kwa thandala loyanikapo usipa akuseka yekha, milomo ikugwedera. Ndinati ndi chamba, ndipo ndinamumenya.

Kenako anakulunga wailesi m'chiguduli n'kukaikwirira mumchenga. Amayi ake atamufunsa, anati imatchula dzina lake. Anatinso pali munthu amene amalemba zonse zimene iye akuganiza n'kumakapereka kwa a chipani, ndipo munthuyo ndi aphunzitsi a Nyirenda.

Lero mukanadziwa kuti mwana wadwala. Koma nthawi imeneyo anthu ankaneneredwadi, ankasowadi. Mawu a Yosefe sanamveke ngati matenda. Anamveka ngati zoona.

A Nyirenda anali ochokera kumpoto. M'mawa ankaphunzitsa ana, masana ife akuluakulu pasukulu ya kwacha. Ndi iwo amene anandigwira dzanja polemba dzina langa. Tsiku lina tikuweruka anandiitanira pambali.

"Achimwene, Yosefe akudwala. Si chamba, si ufiti. Pitani naye kuchipatala zisanafike patali."

Mumtima ndinati, wamunenera mwana wanga, tsopano akufuna amutche wamisala kuti pasapezeke womukhulupirira. Ndinamwetulira, ndinathokoza. Kuyambira pamenepo sindinajombe kusukulu ngakhale tsiku limodzi. Aphunzitsi ankanditama khama pamaso pa anzanga. Sankadziwa kuti ndikunola mpeni, ndipo mwala wonolera ndi iwo omwe.

Patapita miyezi, ndinang'amba tsamba m'kope limene iwo anandipatsa. Ndinalemba kuti a Nyirenda amanyoza boma pophunzitsa, ndiponso amati khadi la chipani n'lokolezera moto. Dzina langa sindinalembepo. Linali bodza lokhalokha, koma kalatayo ndinaitumiza kwa a chipani.

Apolisi anadzawatenga m'mawa, ana ali m'kalasi. Ine ndinaima pansi pa mtengo wa mango n'kumaonerera. Akazi awo anathamangira galimoto mwana ali kumsana, mpaka anagwa. Sindikubisirani, ndinakondwa. Ndinamwa masiku atatu. Ndinauza Yosefe kuti apume tsopano, mdani wake wapita.

Yosefe sanachire. Anayamba kukana chakudya cha amayi ake, ati muli mankhwala. M'mawa wina ndikukonza bwato anandiyang'ana ngati mlendo.

"Bambo, mawu aja andiuza. Amene mumandinenera ndi inu."

Ananena motsimikiza, monga ananenera za aphunzitsi. Ine ndinkadziwa kuti sindinamunenerepo. Nanga a Nyirenda aja? Ndinakhala pansi.

Tinapita naye kuchipatala, ndipo anatitumiza ku Zomba. Namwino ankafunsa mafunso ngati kuti iyeyo ankakhala nafe pakhomo pathu. Kodi anasiya kusamba? Amaseka yekha? Amamva mawu amene ena sakuwamva? Anati ndi matenda a muubongo otchedwa sikizofureniya, mankhwala ake alipo, ndipo tikanafulumira sakanavutika chotere. Anali mawu omwe aja amene ndinamangitsira munthu.

Mkwiyo wanga unasowa woulandira, unanditembenukira ndekha. Zaka zinayi sindinagwire pensulo. Ndinkamwa kuti ndife.

Lamulungu lina akazi anga anandikokera kutchalitchi. Mlaliki analalikira za umboni wonama. Ndinayesa kuti wina wamuuza za ine, koma panalibe wodziwa. Ndinagwada n'kulira ngati namfedwa. Nditaulula kwa akulu a mpingo, anati Yesu wandilandira, koma pali munthu amene ndiyenera kukamuyang'ana m'maso.

Ndinayenda masiku awiri pabasi. A Nyirenda anali atatulutsidwa. Ntchito inawathera, ankayenda ndi ndodo. Ndinawauza zonse, akazi awo ataima pakhomo osandiyankha moni.

"Kalatayo apolisi anandionetsa," anatero a Nyirenda. "Ndinalizindikira dzanja tsiku lomwelo. Ndine ndinaliphunzitsa."

Ndinadikira kuti anditemberere, ndipo ndinkafuna atero. Koma iwo anangofunsa kuti, "Yosefe akumwa mankhwala?"

Sananene kuti andikhululukira, ndipo sindinawakakamize. Mtolo umenewo ndimakautula pamtanda m'mawa uliwonse.

Yosefe alipo. Amamwa mankhwala, amasoka ukonde, masiku ena ndi ovuta. Ine kachasu ndinasiya. Alemekezeke Ambuye amene sanandibwezere monga ndinkabwezera ine.

Inu amene mwana wanu wayamba kudzipatula, kuseka yekha, kuopa anthu amene ankadya nawo, musafunefune mdani. Pitani naye kuchipatala, mupemphere muli panjira. Ndipo inu amene mukunola mpeni mumtima, bwerani kwa Yesu lero, kalata yanu isanatumizidwe.