Tikamaliza Gemu ya Callum

Loweruka masana mumzinda wa Ballarat, Fintan anali atakhala pakapeti m'chipinda cha malemu mkulu wake Callum, akuyang'ana mayina akukwera pa TV. Gemu imene Callum anaitanitsa asanachite ngozi ya njinga yamoto, n'kufika papositi maliro atapita kale, inali itangotha kumene, ndipo pakhomo panaima bambo awo, a Kerrigan, mmisiri wopenta nyumba, atavala ovolosi, chidebe cha penti chili m'manja.

"Yatha?" anafunsa a Kerrigan.

"Ayi."

"Nanga mayinawo? Filimu ikatha m'pamene pamakwera mayina."

"Ndi anthu amene anaipanga."

"Ndiye akutsanzikatu."

"Akuthawa, adadi. Manyazi awagwira."

A Kerrigan anaika chidebe pansi. Fintan sanafune kuchiyang'ana. Pangano analipanga yekha: gemu ikatha, zovala za Callum zilowe m'makatoni, zithunzi zichoke pakhoma, chipinda chipakidwe penti. Analonjeza zimenezi mosavuta chifukwa gemu yoyamba, imene iyi imapitiriza, inawatengera iye ndi Callum nyengo yonse yozizira. Iyi anaiyamba atamwa tiyi wam'mawa, ndipo payi wa nyama amene anatenthetsa masana anali asanazizire n'komwe.

"Tinagwirizana kuti ikatha ndipente," anatero a Kerrigan.

"Iyi si gemu. Gemu siingathe munthu asanafe."

"Ukuti chiyani?"

"Chiyambire m'mawa sindinafe ngakhale kamodzi."

"Ndiye ukudandaula?"

"Kwambiri."

"Ine ndimati tithokoze. M'nyumba muno zimenezo zatikwana."

"Ndikunena mu gemu, adadi. Mu yakale ija tinkafa tsiku lililonse. Callum ankafa pamlatho womwewo sabata yathunthu, n'kumadzukanso."

A Kerrigan anayamba kukanda penti youma pachikhadabo.

"N'kumadzukanso?"

"Umangodina batani."

"Mm. Inali yabwino imeneyo."

Fintan anayamba kuyankhula mofulumira.

"Iyi ukagwera m'phompho imakubwezera pamwamba, n'kukufunsa ngati ukufuna ikuwolotse yokha."

"Ndi yaulemu."

"Ndi yachipongwe. Ukangoima pang'ono, mnzako wa mu gemuyo amvekere, 'Bwanji tiyese chitseko chija?' Chitseko chake chilipo chimodzi chokha."

"Nanga akanatchula chiti?"

"Asatchule! Andisiye ndivutike. Ndiye paliponse pofunika kukwera apakapo penti yachikasu. Akuti phiri limeneli sikunafikeko munthu chilengedwere dziko, koma mwala uliwonse wogwira uli ndi penti."

Apa nkhope ya a Kerrigan inawala koyamba.

"Yamadzi kapena yamafuta?"

"Adadi."

"Panja pamafunika yamafuta. Tandionetsa."

Fintan anausa moyo, n'kubweza gemu mpaka paphiri paja. A Kerrigan anavala magalasi, nawerama mphuno itatsala pang'ono kugunda TV.

"Taona mizereyi. Munthu ameneyu ankathamangira kuweruka."

"Palibe anapenta. Ndi chithunzi."

"Wanena wekha kuti apaka penti."

"Apaka kuti ife zitsiru tisasochere."

"Unasochera?"

"Ayi."

"Ndiye yagwira ntchito."

"Ndimafuna kusochera, adadi. Mu yakale ija tinasochera m'phanga, Callum n'kujambula mapu pakatoni ya pitsa. Mapu ake abodza okhaokha. Tinkatukwanana mpaka inu kubwera kudzazula waya."

"Ndimakumbukira. Munkanditcha mdani wamkulu."

"Anayambitsa ndi iyeyo."

"Kuyunivesite unachokako chifukwa kunali kovuta. Gemu ukuikana chifukwa ndi yosavuta. Iwe ukufuna yotani kwenikweni?"

"Sindinachoke chifukwa kunali kovuta."

"Yotani?"

"Yaitali."

"Basi?"

"Yaitali basi."

Pa TV, munthu wa mu gemu anali ataima m'munsi mwa phiri, mphepo ikukupiza chovala chake. Fintan anayesanso komaliza.

"Muli nthenga zobisika zimene sindinatole."

"Mayina akwera?"

"Akwera, koma nthengazo…"

"Tinapangana za nthenga?"

Fintan anaponya rimoti ya gemu pabedi. Anaimirira, n'kupita pakhoma pamene panapachikidwa sikafu ya timu ya mpira ya Callum, imene inali isanachapidwe chifukwa mwiniwake ankati kuichapa n'kutaya mwayi. Timuyo inkaluzabe. Anaigwira, koma dzanja linakana kukoka.

"Chabwino," anatero osacheuka. "Ndinati ndikamaliza mupente. Ndamaliza. Pentani."

"Sunatero."

"Ndinatero. Kukhitchini, mukutsuka makapu."

"Unati tikamaliza."

Fintan anatembenuka. Anafuna kutsutsa, koma anawamva mawuwo m'kamwa mwake momwe. Chiyambire ali mwana, gemu sinakhalepo ya munthu mmodzi: tafa, tasochera, tikamaliza. Lilime linali lisanamve za maliro.

"Pakamwa panangoterereka. Ndinazolowera."

"Ine ndimamva zimene munthu wanena. Kasitomala akati khoma likhale loyera, sindipaka lofiira poganiza kuti pakamwa pamuterereka. Unati tikamaliza. Wamaliza ndiwe. M'nyumba muno tatsala angati?"

"Awiri."

"Patse chinthucho."

"Inu? Ngakhale foni yanu mumaiyankha ndi chala chamkombaphala ngati mukupha nyerere."

"Patse."

A Kerrigan anakhala pachidebe chija, chivindikiro chili chitsekere, n'kugwira rimoti chadodolido. Fintan anawatembenuzira. Munthu wa mu gemu anayang'ana kumwamba, anazungulira, n'kukagunda mtengo.

"Waledzera ameneyu?"

"Mukumuyendetsa ndinu."

"Ine sindinamwe."

"Chala chakumanzere ndi miyendo, chakumanja ndi maso. Koma musadzivute, adadi. Gemu imeneyi siilola munthu kulephera. Ngakhale inuyo, dzuwa lisanalowe mayina akhala atakweranso."

"Tiona."

Atagunda mtengo womwewo kangapo, munthu uja anakafika m'munsi mwa thanthwe. Pamwamba pa mutu wake panali mzere wachikasu. A Kerrigan anachotsa zala pamabatani.

"Dinani apo," anatero Fintan. "Agwire pachikasupo."

"Ayi."

"Njira ndi yomweyo. Palibenso ina."

"Ikunyezimira."

"Ndiye?"

"Sinaume."

"Bwanji tikwere apa?" anatero mnzawo wa mu gemu uja, mwaulemu wake wonse.

"Ukwere wekha, mphwanga," anayankha a Kerrigan. "Tione amene akuchapire zovala."

"Adadi, sangakumveni."

"Amene anapenta uja nayenso sanaike chikwangwani. Anthu osasamala."

Fintan anatsegula pakamwa kuti afotokozenso, koma maso ake anagwera pathumba la ovolosi, pamene nthawi zonse pamatulukira chogwirira cha burashi. Munalibe kanthu. Pakhomo panalibe makwerero, pansi panalibe nsalu yotchingira kapeti. Munthu amene sapita ngakhale kokapenta kanyumba ka galu wopanda zida zake anabwera ndi chidebe chokha.

Fintan anakhala pansi pambali pa bambo ake, pamalo pamene kapeti inaphwatalala kale.

"Bwanji tikwere apa?" anabwerezanso wa mu gemu uja.

"Ndi chithunzi, adadi," anatero Fintan chapansipansi. "Penti imeneyo siidzauma."

A Kerrigan anakhazikika bwino pachidebe, n'kutambasula miyendo.

"Ndiye tidikira," anatero. "Kaike madzi a tiyi."