Pulofesa Olipa wa ku Kasanda

Pa siteji ya mabasi mu Kabwe, mayi wina anayang'anitsitsa buku limene mtsikana wa pambali pake ankawerenga.

"Mwanangu, wolemba bukuli, Olipa Njobvu, umamudziwa?"

"Ndi apulofesa athu, amayi. Amatiphunzitsa mmene manovelo amakambira za ndale ndi chikhristu."

"Tinkaimba limodzi kwaya ku Kasanda. Ankabisa novelo m'buku la nyimbo."

"Chaka chatha andale ena anawapempha kuti aziwasankhira mavesi a m'Baibulo a pa kampeni. Anakana. Anati Mulungu alibe khadi la chipani."

"Olipa yemweyu? Sanamuchite kanthu?"

"Anawaopseza pafoni sabata yonse, ife mpaka tinkawapempherera. Lolemba analowa m'kalasi, anatipatsa moni, n'kutsegula novelo pomwe tinalekezera."