Tsiku Limene Ndinapempherera Mkodzo

Ba Pasita, akulu a mpingo, abale ndi alongo, moni m'dzina la Yesu. Ndikufuna kuchitira umboni.

Amuna anga, ba Mwale, anayamba kusanza kwathu ku Kabwata. Chilichonse cholowa chinkabwerera. Pofika kuchipatala, mimba inali itatupa ngati ng'oma, maso atalowa m'kati, lilime gwaa.

Ba dokotala anati, "Mayi, matumbo atsekeka, pafunika opaleshoni. Koma madzi atha m'thupi, ndipo mchere wina wa m'magazi, umene umayendetsa mtima, watsika kwambiri. Tikawagoneka chonchi, mtima ungaime."

Ndinati, "Ndiye athireni msanga mcherewo!"

Anati, "Ukalowa mothamanga, nawonso umaimitsa mtima."

Abale, kuchedwa imfa, kufulumira imfa! Ndinangokhala kuyang'ana diripi, dontho, dontho, mimba ikutupirabe. Anayeza magazi, anayezanso, kenako mchere utakwera anawatenga kupita nawo ku opaleshoni.

Anatuluka amoyo. Ndinayesa zatha. Sizinathe, abale!

Ba sisita anandichenjeza kuti matumbo sanadzuke, ndisawamwetse kanthu. Amuna anga akundigwira chitenje, akunong'ona: "Amake Chisomo, nipaseko manzi." Botolo lili m'chikwama changa. Azimayi, mukundimva? Kumana mwamuna wako madzi! Ndinangonyowetsa thonje n'kuwapaka pamilomo, ndikulira.

Pansi pa bedi panali thumba la mkodzo, lopanda kanthu. Ba sisita akabwera ankalinyamula, kuliyang'ana, n'kutuluka. Nditawatsatira pakhonde anati, "Impso zangoti zii. Diripi tawonjezera, koma tikapitirira muyeso madzi adzaza m'mapapo. Tikudikira."

Ndinabwerera, ndinagwada pasimenti, masana dzuwa likuswa mtengo, alendo a odwala ena akundiyang'ana. Mapemphero okongola onse anandithawa. Ndinati, "Yehova, ndikupempha mkodzo. Mkodzo basi, Atate!"

Musaseke, abale. Kapena sekani, koma ine ndinkafa.

Sindikudziwa ndinagwada nthawi yaitali bwanji. Ndinangomva ba sisita akundigwedeza phewa: "Mayi, onani." M'kapaipi ka thumba lija munkatsika kadontho kachikasu. Kenako kena. Kenako kena!

Ndikuthokoza Mulungu amene anatsogolera manja a madokotala ndi masisita aja, ndi inu amene munatipempherera. Ba Mwale, imirirani akuoneni. Awo, dzulo ananyamula okha thumba la makala! Mpingo wa Mulungu, musandisiye ndekha, imirirani nane, azimayi nthungululu imveke! Aleluya!